Tizipangizo ta m'mimba mwa wailesi: phunziro lochokera ku Cape Town

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli nyumba yomwe ikusunga wailesi yakufa. Ina ili kunsi kwa kama, ina pamwamba pa kabati, ndipo eni ake akafunsidwa amangoti inapsa. Koma amisiri okonza mawailesi amadziwa kuti kawirikawiri chimene chawonongeka ndi kachipangizo kamodzi kochepa ngati njere ya nyemba, komwe mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa mabatire awiri. Mlimi amene wakadziwa kachipangizoka amapulumutsa wailesi yake. Gulu la m'mudzi lomwe ladziwa tizipangizo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi totere layamba kale ulendo wopita ku luso lina lalikulu, lolankhulana ndi anthu akutali popanda kudalira nsanja ya foni.

Luso limeneli pa Chingerezi amalitcha amateur radio. Ndi ntchito ya anthu wamba amene amaphunzira za wailesi mwa kufuna kwawo, nalemba mayeso, nalandira chiphaso cha boma chowaloleza kutumiza ndi kulandira mawu pa mafunde ena omwe anapatulidwira iwo. Salipidwa, ndipo ambiri mwa iwo amalumikiza okha zina mwa zipangizo zawo. Danga lino mwezi uno likufotokoza tizipangizo toyambirira tomwe munthu wofuna lusoli ayenera kudziwa, potengera chitsanzo cha mzinda wa Cape Town m'dziko la South Africa, komwe kulinso Amalawi ambiri amene akugwira ntchito m'minda ya maluwa, m'nyumba za anthu, m'malo odyera ndi m'mafamu.

Mzinda womwe unazolowera wailesi kalekale

Cape Town ili m'mbali mwa nyanja yaikulu ndipo yazunguliridwa ndi mapiri, choncho anthu ake anaona msanga kufunika kwa wailesi. Sitima yapamadzi yotchedwa Waratah itasowa ndi anthu onse amene anali m'menemo m'chaka cha 1909, pa ulendo wake wochokera ku Durban kupita ku Cape Town, boma linamanga siteshoni yolankhulirana ndi sitima pa Slangkop, kufupi ndi Kommetjie. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, bambo wina wokonda za wailesi, John Streeter, ankaulutsa nyimbo za galamafoni kuchokera kunyumba kwake, mzindawu usanakhale ndi nyumba youlutsira mawu yeniyeni, yomwe inadza mu 1924. Chaka chotsatira, mu 1925, kunakhazikitsidwa bungwe la okonda wailesi m'dzikomo, lomwe lero limadziwika ndi dzina lakuti South African Radio League.

Nkhani imene ingakhudze kwambiri alangizi a zaumoyo ndi ya ku Khayelitsha. Mu 1993 ogwira ntchito zaumoyo kumeneko anayamba kuulutsa mauthenga aukhondo ndi kasamalidwe ka ana pogwiritsa ntchito makina olumikiza pamanja, ali m'kontena yomwe inali chipatala chaching'ono. Imeneyi ndiyo inadzakhala Radio Zibonele, yomwe inalandira chiphaso mu 1995. Chapakati pa zaka zomwezo fakitale ya BayGen mumzindamu inayamba kupanga wailesi yopukusa ndi dzanja, yosalira mabatire, yomwe anaitulukira Trevor Baylis wa ku Britain. Pa 23 Febuluwale 1999 ophunzira a pa yunivesite ya Stellenbosch anaona setilaiti yawo, SUNSAT, ikuponyedwa m'mlengalenga itanyamula zipangizo zomwe okonda wailesi ankalankhulirana kudzera mwa izo. Kuchokera pa makina a m'kontena kufika pa setilaiti, tizipangizo toyambira ndi tomwe tija, tosiyana kukula ndi kuchuluka kokha.

Magetsi ali ngati madzi a ulimi wothirira

Mlimi amene anathirirapo dimba ali kale ndi chithunzi chabwino cha mmene magetsi amayendera. Thanki ikakhala pamwamba kwambiri, madzi amatuluka mwamphamvu. Kukankha kumeneku pa magetsi kumayezedwa m'mavolti: batire la tochi lili ndi volti imodzi ndi theka, la galimoto lili ndi mavolti 12, pamene magetsi a m'nyumba ku South Africa ndi ku Malawi ali ndi mavolti 230. Kuchuluka kwa madzi odutsa m'paipi kukufanana ndi kuchuluka kwa magetsi odutsa m'waya, ndipo kumayezedwa m'ma amp. Paipi yopapatiza imachepetsa madzi odutsa, ndipo kutsekereza kotereku pa magetsi kumayezedwa m'ma ohm, dzina lochokera kwa Georg Ohm wa ku Germany, amene mu 1827 anaonetsa mgwirizano wa zinthu zitatuzi. Lamulo lake ndi lachidule: mavolti akagawidwa ndi ma ohm, yankho lake ndi ma amp.

Rezisita

Rezisita ndi kachipangizo kooneka ngati kambewu ka mpunga kokhala ndi miyendo iwiri ya waya. Ntchito yake ndi ya paipi yopapatiza ija, kuchepetsa magetsi kuti asawononge tizipangizo tina. Kukula kwa mphamvu yake yotsekereza kumalembedwa ndi mizere yamitundu. Wakuda ndi 0, wa bulauni 1, wofiira 2, wa olenji 3, wachikasu 4, wobiriwira 5, wa buluu 6, wa pepo 7, wotuwa 8, woyera 9. Pa rezisita ya mizere inayi, mizere iwiri yoyamba ndi manambala, wachitatu umanena kuchuluka kwa maziro oikidwa kumapeto, ndipo wachinayi, womwe nthawi zambiri umakhala wa golide, umasonyeza kuti rezisitayo ikhoza kusiyana ndi nambala yake ndi magawo asanu pa 100 alionse. Motero yachikasu, pepo ndi wofiira ndi ya ma ohm 4,700.

Chitsanzo ndi kababu kakang'ono ka LED komwe kamasonyeza kuti wailesi yayaka. Kababuka kamafuna mavolti pafupifupi 2, ndipo kakalumikizidwa mwachindunji ku batire la mavolti 12 kamapsa nthawi yomweyo. Mavolti 10 otsalawo ayenera kuthera pa rezisita. Pofuna kuti padutse gawo limodzi mwa magawo 100 a amp, pafunika rezisita ya ma ohm 1,000, ya mizere ya bulauni, wakuda ndi wofiira. Chotembenuza chokwezera ndi kutsitsira mawu pa wailesi nachonso ndi rezisita, koma yosinthika. Chikayamba kukhetchera potembenuza, nthawi zambiri vuto limakhala fumbi ndi litsiro basi.

Kapasita

Kapasita ili ngati dziwe laling'ono losungira madzi pakati pa ngalande. Imalandira magetsi, kuwasunga kwa kanthawi, kenaka kuwatulutsa. Mkati mwake muli timapepala tiwiri tachitsulo toyandikana koma tosakhudzana. Muyezo wake ndi farad, koma farad imodzi ndi yaikulu kwambiri, choncho pa wailesi pamalembedwa timagawo take totchedwa microfarad ndi picofarad. Kapasita yaing'ono yooneka ngati njere ya mphodza yolembedwa 104 ndi ya ma picofarad 100,000, chifukwa nambala yomalizayo ikunena za maziro anayi.

Palinso makapasita ooneka ngati timigolo, omwe ali ndi mwendo wa pulasi ndi wa mainasi. Amenewa akaikidwa chozondoka amatupa ngakhale kuphulika kumene. Ndiwonso amakalamba msanga m'malo otentha. Wailesi yolumikizidwa ku magetsi a m'nyumba ikayamba kung'ung'udza mosalekeza, mmisiri wanzeru amayamba wayang'ana ngati pali kapasita yotupa pamutu kapena yotuluka madzi. Posintha, yatsopanoyo iyenera kukhala ya muyezo womwewo, ndipo mavolti olembedwa pa iyo akhale ofanana kapena oposa a yakaleyo. Chenjezo lalikulu ndi lakuti kapasita yaikulu, monga ya m'wailesi yakanema yakale, imasungabe magetsi okhoza kupha munthu ngakhale chipangizocho chitazimitsidwa. Wophunzira asatsegule zipangizo zotere payekha.

Koyilo ndi kusankha siteshoni

Koyilo ndi waya wamkuwa wokulungidwa ngati nkhata, nthawi zina mozungulira kandodo kakuda kotchedwa ferrite. Magetsi akamadutsamo amapanga mphamvu ya maginito, ndipo koyilo imakaniza kusintha kwadzidzidzi kwa kayendedwe ka magetsiwo. Muyezo wake ndi henry. Mwa tizipangizo tonse, koyilo ndiyo imene munthu angathe kupanga yekha, pokulunga waya wochotsedwa m'thiransifoma yakufa pa kapaipi ka pulasitiki.

Koyilo ikalumikizidwa ndi kapasita, ziwirizi zimapatsirana mphamvu mobwerezabwereza, monga katungwe amapitira uku ndi uku. Katungwe aliyense ali ndi liwiro lake malinga ndi kutalika kwa chingwe, ndipo amakwera patali pokhapokha wokankha akutsata liwirolo. Mlengalenga muli mafunde a masiteshoni ambirimbiri nthawi imodzi, koma koyilo ndi kapasita zimavomera okhawo amene akugwirizana ndi liwiro lawo. Munthu akamatembenuza chosankhira siteshoni pa wailesi yakale, amakhala akusintha kukula kwa kapasita. Koyilo ya ma microhenry 250 pamodzi ndi kapasita yosinthika yofika ma picofarad 365 zimagwira mafunde kuyambira cha pa 530 kHz kukwera m'mwamba, omwe ndi mafunde a AM. Siteshoni ya CapeTalk, yomwe inayamba mu 1997, inapatsidwa malo a 567 kHz, kufupi ndi kumunsi kwa gawo limeneli.

Dayodi

Mkati mwa mjigo kapena pampu yopalasa ndi miyendo muli valavu yomwe imalola madzi kukwera koma osabwerera. Dayodi imachita chimodzimodzi ndi magetsi. Mbali yomwe ili ndi mzere ndiyo yotulukira. Dayodi ya silikoni, monga 1N4007 kapena 1N4148, imayamba kudutsitsa magetsi akafika pafupifupi mavolti 0.6, pamene ya germanium, monga 1N34A, imayamba cha pa 0.3, ndipo n'chifukwa chake imakhoza kutola mawu pa mafunde ofooka.

Ndi tizipangizo titatu tokha, koyilo, kapasita yosinthika ndi dayodi ya germanium, kuwonjezapo chomvera m'khutu cha mtundu wa crystal, waya wautali mamita 20 wopachikidwa m'mwamba ndi wina wokwiriridwa m'dothi lonyowa, munthu amapanga kawailesi kolankhula popanda batire. Mphamvu yake imachokera m'mafunde a siteshoni momwemo. Kawailesi kotere kamamva AM yokha, ndiponso siteshoniyo ikhale yamphamvu ndi yapafupi.

Dayodi imatetezanso. Wailesi zambiri zolankhulirana zimagwiritsa ntchito batire la mavolti 12, ndipo ngozi yofala ndi yolumikiza mawaya chozondoka, makamaka mumdima. Dayodi yoikidwa bwino pamodzi ndi fyuzi imachititsa kuti fyuzi ipse m'malo mwa wailesi. Fyuzi ikapsa, isinthidwe ndi ina ya muyezo womwewo. Chizolowezi chomangapo waya kapena pepala lonyezimira chawotcha zipangizo zambiri ndi nyumba zomwe.

Tiranzisita ndi anzake

Mwana wamng'ono sangathe kunyamula madzi othirira munda wonse, koma angathe kutsegula ndi kutseka chitseko cha ngalande, madzi ochuluka n'kumayenda momvera dzanja lake. Umu ndi mmene tiranzisita imagwirira ntchito. Ili ndi miyendo itatu yotchedwa base, collector ndi emitter. Timagetsi tochepa tolowa pa base timalamulira magetsi ochuluka odutsa pakati pa miyendo iwiri inayo, ndipo potero mawu ofooka ochokera ku eriyo amakula mpaka kumveka pa sipika. Anaitulukira mu 1947 ku Bell Laboratories m'dziko la America ndi John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley. Mitundu yopezeka mosavuta ndi BC547, 2N2222 ndi 2N3904. Miyendo ya mitundu imeneyi sinayalidwe mofanana, choncho ndi bwino kufufuza kayalidwe kake musanaiwotcherere mtundu wina m'malo mwa unzake.

Timabokosi takuda ta miyendo yambiri ngati bongololo timatchedwa IC, ndipo mkati mwake muli matiranzisita ambiri pamodzi. Yotchedwa LM386, ya miyendo 8, imakuza mawu okwanira sipika yaing'ono, ndipo ndi poyambira pabwino kwa gulu lomwe lili kutali ndi siteshoni ya AM. Yotchedwa 7805 imatsitsa magetsi a batire kufika pa mavolti 5 osasinthasintha. Palinso kachitini kakang'ono konyezimira komwe mkati mwake muli kachidutswa ka mwala wa quartz. Kamwalaka kamanjenjemera pa liwiro limodzi lokhazikika, ndipo ndi kamene kamathandiza wailesi yotumiza mawu kuti isasochere n'kulowa m'mafunde a eni ake.

Eriyo, zida ndi chitetezo

Wailesi yabwino yokhala ndi eriyo yoipa ili ngati khasu lakuthwa lopanda mpini. Eriyo yosavuta ndi mawaya awiri ofanana kutalika, otambasulidwa uku ndi uku, chingwe chopita ku wailesi chili pakati. Kutalika kwake konse m'mamita kumapezeka pogawa 143 ndi nambala ya MHz. Pa 7.1 MHz yankho ndi mamita pafupifupi 20, kutanthauza mamita 10 mbali iliyonse. Mafunde a pakati pa 7.0 ndi 7.2 MHz amakagunda kumtunda kwa mlengalenga n'kubwerera pansi, motero amafika makilomita mazanamazana, ndipo usiku amapitirira apo. Mafunde a pakati pa 144 ndi 146 MHz amayenda molunjika ndipo phiri limawatchinga. Pothana ndi vutoli okonda wailesi a ku Western Cape anaika makina olandira ndi kutumizanso mawu pamwamba pa mapiri.

Zida zoyambira ndi zochepa: chitsulo chowotcherera cha mawati 25 mpaka 40, mtovu wowotcherera, pulayazi yodulira waya ndi mita yoyezera mavolti ndi ma ohm. Powotcherera, chitsulo chitenthetse mwendo wa kachipangizo ndi malo ake pamodzi, kenaka mtovu usungunukire pomwepo. Polumikiza pabwino pamakhala posalala ndi ponyezimira. Apa m'pamene akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchitoyi ichitikire pamalo opita mphepo, ndipo wogwira mtovu asambe m'manja asanadye.

Ku Cape Town mphepo yamchere ya kunyanja imadya malo olumikizira mawaya, ndipo mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa m'nyengo yotentha imagwetsa milongoti yosamangidwa bwino. Ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia, ku Tete ndi ku Niassa mdani wamkulu ndi mphezi za m'dzinja. Mvula ya mabingu ikamayandikira, chingwe cha eriyo chichotsedwe ku wailesi. Mlongoti usaimikidwe pafupi ndi mawaya a magetsi, ndipo wailesi isatumize mawu eriyo isanalumikizidwe, chifukwa matiranzisita ake akuluakulu amapsa.

Lamulo likuti chiyani

Kumvera wailesi, kukonza yowonongeka kapena kulumikiza yolandira mawu pophunzira ndi chiyambi chomwe aliyense angachite. Kutumiza mawu kumafuna chiphaso. Ku South Africa chiphasochi chimaperekedwa ndi bungwe la ICASA, lomwe linakhazikitsidwa mu 2000, munthu akakhoza mayeso oyendetsedwa ndi South African Radio League. Wokhoza amapatsidwa dzina lodziwikira pa mafunde. Mayina a ku Western Cape amayamba ndi ZS1, ZR1 kapena ZU1, ndipo kalabu ya Cape Town Amateur Radio Centre ya ku Rondebosch imadziwika ndi dzina la ZS1CT. Mayina a ku Malawi amayamba ndi 7Q, a ku Zambia 9J, a ku Mozambique C9. Oyang'anira mafunde m'mayiko amenewa ndi MACRA, ZICTA ndi INCM.

Chiphaso chimenechi sichilola kuulutsa nyimbo, kutsatsa malonda kapena kuchititsa mapologalamu a anthu onse. Zimenezo zimafuna chiphaso china cha wailesi ya m'dera. Bush Radio ya ku Salt River itaulutsa mawu popanda chilolezo mu Epulo 1993, akuluakulu a boma analanda zipangizo zake, ndipo inadzaloledwa mu 1995. Ku Mulanje mu 2009 mnyamata wina waluso anamangidwa ndi kulipitsidwa chindapusa chifukwa cha wailesi yake ya Pachikweza, yomwe anailumikiza yekha kuchokera ku zipangizo zakale. Mlangizi amene waona luso lotere mwa wachinyamata amuthandize kudziwa lamulo msanga, lusolo lisanamugwetse m'mavuto.

Phindu lake pa nthawi ya ngozi

Ena angafunse kuti zonsezi n'zachiyani masiku ano pamene foni ya m'manja ili ponseponse. Foni imadalira nsanja, ndipo nsanja imadalira magetsi ndi misewu yopititsira mafuta ku majenereta. Namondwe wa Idai atagunda mzinda wa Beira mu Malichi 2019, mzindawo unakhala masiku angapo osalumikizana bwino ndi kunja. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadula misewu, milatho ndi magetsi m'chigawo chakum'mwera kwa Malawi, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Wailesi ziwiri zolankhulirana, iliyonse ndi batire lake, sola yake ndi waya wopachikidwa mumtengo, zimamvana popanda wina pakati. South African Radio League ili ndi nthambi yotchedwa HAMNET ya anthu odzipereka pa nthawi ya ngozi, ndipo ku Western Cape nthambiyi imathandizana ndi magulu opulumutsa anthu osochera ndi ovulala m'mapiri.

Komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi singagule wailesi yotere mawa lomwe, koma ingathe kuyamba ndi zomwe ili nazo. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anayamba ndi kumasula mawailesi akufa n'kumafufuza ntchito ya kachipangizo kalikonse, asanamange makina ake opanga magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14. Kalabu ya achinyamata kapena ya alimi itolere mawailesi akufa a m'mudzi, ipemphe mmisiri wa pamsika kuti adzaphunzitse kamodzi pa sabata, ndipo tizipangizo tochotsedwa tisanjidwe m'mabokosi a machesi malinga ndi mtundu ndi muyezo. Amene ali ku Cape Town ali ndi mwayi wokacheza ku kalabu ya okonda wailesi, kulemba mayeso, ndipo pobwerera kumudzi mita yoyezera ndi thumba la marezisita sizilemetsa katundu. Chiphaso cha ku South Africa sichiloleza kutumiza mawu ali ku Malawi, choncho wobwerera kwawo akaonane ndi MACRA asanapachike eriyo yake.